Mphatso za Khirisimasi, kamera ya ahedi, ndi nkhuku ya agogo anga

Madamu ena ophunzitsa pa sukulu ina ya sekondale mu Lilongwe andilembera imelo. Ndi patironi wa kalabu ya ophunzira, ndipo ana awo a Fomu 3 aganiza zosonkhanitsa mphatso za Khirisimasi zoti akapereke ku mabanja osowa teremu isanathe. Akufunsa zinthu zitatu: asonkhanitse chiyani, mabanjawo awapeza bwanji, ndipo kodi kalabu yonse ipite limodzi pa tsikulo, popeza ahedi akufuna zithunzi zoika pa tsamba la sukulu la pa Facebook.

Madamu, zikomo pondikhulupirira. Mafunso awiri oyambawo ndi opepuka ndipo tifikako. Lachitatuli ndi limene landikhazika pansi, chifukwa kamera yoteroyo ine ndinaimapo kutsogolo kwake, ndili kumbali ya olandira. Mundipirire, ndiyambira kutali.

Munali mu Disembala 2001. Ndinali Sitandade 6, ndikukhala ndi agogo anga aakazi m'mudzi wina m'boma la Dedza, makolo anga onse awiri atatisiya. Amene analipo chaka chimenecho safuna kuuzidwa. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ku ADMARC anthu ankagona pamzere n'kubwerako ndi thumba lopanda kanthu, ndipo pofika Febuluwale 2002 a Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Koma kumudzi sitinadikire chilengezo kuti tidziwe. Tinali titayamba kale kudya nsima ya gaga, ndipo tsiku limene gaga wasowa tinkawiritsa mango osapsa. Kumunda chimanga chinali chikadali m'mawondo, chobiriwira bwino, chosangalatsa m'maso, koma chosadyeka.

Kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, a nyakwawa anazungulira m'mudzi ndi kope, kulemba mayina. Akuti kukubwera ana a sukulu ina ya sekondale ya kutauni ndi mphatso za ana amasiye ndi okalamba. Ife tinalembedwa, popeza umasiye wathu unali wosakayikitsa, mitumbira iwiri inali poonekera. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe sanalembedwe. Anali ndi ana anayi, wamng'ono atatupa kale mapazi, koma mwamuna wake anali moyo, kwinakwake ku maesiteti a fodya ku Kasungu kumene anapita kukagwira utenanti osatumizako ngakhale tambala. Pa kope la a nyakwawa, ana a munthu wamoyo si amasiye, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma alamu awo a amfumu, a nyumba ya malata ndi ngolo pakhomo, dzina lawo linalowamo. Izi ndikuzinena pano kuti mukamva ndikukayikira mndandanda wolembedwa ndi munthu mmodzi, mudziwe kumene kukayikako kunachokera.

Tsikulo lole inaima pa bwalo, pansi pa mkuyu, n'kutsikamo anyamata ndi atsikana ovala yunifolomu yosita, masokosi oyera mbee, ena akununkhira mafuta odzola. Ine ndinali ndisanaonepo ana ambiri chotero ovala nsapato pamalo amodzi. Sanali ana oipa. Ndibwereze, chifukwa zotsatirazi zingamveke ngati ndikuwasungira mangawa: sanali ana oipa. Anaimba nyimbo za kubadwa kwa Yesu mokoma kwabasi, mtsikana wina analalikira mwachidule, kenako anachita sewero. M'sewerolo munali munthu wolemera wouma mtima ndi mwana wopemphapempha. Mnyamata amene ankasewera wopemphayo anavala malaya ong'ambika pa phewa ndi kabudula wa zigamba kumbuyo, akudzandira, mudzi wonse n'kufa ndi phwete. Inenso ndinaseka, mpaka mnzanga wina anandigunda ndi chigongono n'kuloza malaya anga. Zovala za m'sewero zija zinali zofanana ndi zimene ine ndinavala tsikulo, ndipo zimenezo zinali zovala zanga zabwino, zimene agogo anachapa dzulo lake chifukwa kukubwera alendo.

Kenako mayina. Mphunzitsi wawo ankaitana limodzilimodzi mokweza, woitanidwa n'kudzuka pa mphasa, kudutsa pakati pa bwalo, maso onse ali pa iye. Anatindandalika ngati ng'ombe za ku dibi. Ukafika kutsogolo, wophunzira mmodzi ankagwira jumbo mbali ina, iwe mbali ina, ndipo sankaisiya mpaka wojambula atakonzeka. Inali kamera ya filimu, yosafuna kuwononga, ndiye ankachedwa: sendera kuno, kweza mutu, tamwetulira. Mtsikana amene anagwira jumbo yanga anali wamkulu pang'ono kwa ine, ndipo ndikukumbuka kuti nayenso ankayang'ana pansi. Manyazi anatigwira tonse awiri, koma panalibe wamkulu amene anaona.

M'jumbomo munali paketi ya shuga, sopo wochapira, mchere, mabisiketi, jekete lalikulu laubweya la munthu wamkulu, ndi nsapato za gogoda. Nsapato za gogoda, Madamu, kupita nazo kunyumba ya nkhalamba ndi kamnyamata, m'mudzi wa matope, mu Disembala. Wina kutauni anatsegula kabati ya mayi ake n'kutolamo zimene zinkangodya malo.

Koma zonsezo ndikanaiwala. Chimene sichichoka ndi nkhuku. Agogo anali atasinthitsa nkhuku zawo zonse ndi chimanga, kutsala msoti umodzi. Mwambo utatha anandituma kuti ndikaugwire. Ndinauthamangitsa kuseri kwa nkhokwe, ndinaumanga miyendo ndi luzi, agogo n'kupita nawo kwa mphunzitsi uja, kugwada, n'kuupereka ndi manja awiri kuti alendo asabwerere chimanjamanja. Mphunzitsiyo anakana. Anakana ndi mtima wabwino, ndipo mwina akanakhala inu mukanakananso, chifukwa ndani angalandire nkhuku yotsiriza ya munthu wanjala? Koma anakana mokweza, akuseka, ophunzira ake ndi mudzi wonse akumva: ayi agogo, sungani, ife tabwera kudzathandiza inuyo, ovutika ndinu. Agogo anadzuka, anapanira nkhuku m'khwapa, n'kudutsanso bwalo lomwe lija kubwerera kunyumba. Sanayankhule mpaka usiku. Tikugona ndi pamene ananena, osati kwa ine kwenikweni, kuti munthu wosapereka kanthu kwa mlendo ndi mtembo wokha.

Kwathu kuno mphatso imayenda mbali ziwiri. Wobwera ndi shuga amabwerera ndi mtedza, dzungu, kathumba ka nyemba, ngakhale nzimbe imodzi. Palibe amene amawerengera kuti shuga ndi wodula kuposa dzungu, chifukwa si malonda. Dzungulo limanena kuti inenso ndine mwini khomo, mwabwera kwa munthu. Mphunzitsi uja anaona nkhuku yotsiriza ya gogo wanjala. Agogo anaona chinthu chokhacho chimene chikanawasiyanitsa ndi mnyamata wa m'sewero uja.

Shuga sitinamwere tiyi. M'mawa mwake agogo anapita naye kumsika n'kubwera ndi gaga, wina anagawira mayi woyandikana nafe uja. Mabisiketi ndinadya ndekha kuseri kwa nyumba, ndipo kukoma kwake sindinakuiwale. Jekete, kunena zoona, linandithandiza zedi. Amene anagonapo ku Dedza mu Juni opanda bulangeti akudziwa chimene ndikunena, ndipo ndinalifunda mpaka ndinapita ku sekondale. Choncho sindikunena kuti ana aja akanangokhala kwawo. Nsapato zija atsikana a m'mudzi ankaseweretsa ku masanje mpaka chidendene chinathyoka. Ndipo sukulu itatsegulira mu Januwale ndinapeza ndili ndi dzina latsopano, Khirisimasi Bokosi, limene linanditsatira mpaka mayeso a Sitandade 8.

Tsono za zithunzi. Poyamba ndimati ndikuyankheni mofewa, kuti mupemphe chilolezo kwa makolo, mubise nkhope za ana, zoterozo. Koma pamene ndikulemba mtima ukunka nulimba, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi. Musajambule olandira, ngakhale mmodzi. Kuvomera kwa munthu wanjala amene waona jumbo ya ufa m'manja mwanu si kuvomera. Adzalola kujambulidwa, kuimba, kuvina, kugwada, chilichonse, chifukwa sadziwa ngati jumboyo ikhalebe yake akakana. Chithunzi changa cha 2001 chinathera mu alubamu ya sukulu ija, ndipo mwina chiswe chinadya kalekale. Cha lero sichifa. Chikalowa pa Facebook chimafalikira m'magulu a WhatsApp, ndipo mwana amene mwamujambula atakumbatira sopo adzachiona ali Fomu 2, anzake a mu hositelo akupatsirana foni n'kumamuyang'ana.

Ndipo tifunsane, ana athuwa anaphunzira kuti zoti chithandizo chimene sichinajambulidwe sichinachitike? Anaonera ife akuluakulu. Anaonera andale amene amaunjika matumba a ufa kuseri kwa chikwangwani cha nkhope yawo, ndi makampani amene amabwera ndi cheke chachikulu chogwira anthu anayi, mtengo wa tenti ndi zokuzira mawu n'kuposa wa katundu woperekedwayo. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu Malichi 2023, ku Soche ndi Chilobwe, ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa, opulumuka ambiri anakasungidwa m'makalasi a sukulu. Kumeneko kunkafika anthu a mitundu iwiri. Ena ankabwera ndi masikipa ofanana ndi wojambula wawo, kudikiritsa padzuwa anthu amene angoika kumene abale awo m'manda kuti mlendo wolemekezeka ayambe wayankhula. Ena anali amayi wamba a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa, atasenza mapoto, ndowa ndi zitenje zawo zomwe. Ankatula, kukhala pansi, kulira nawo, n'kumapita. Mayina awo palibe amene anawalemba. Ngati kalabu yanuyo ndi ya ophunzira achikhristu, monga SCOM kapena YCS, anawo Mateyu 6 amamudziwa kuposa ine, zija za dzanja lamanzere ndi lamanja. Ahedi nawonso amamudziwa.

Pali chifukwa china chimene aphunzitsi amapereka potengera kalasi yonse kumudzi, ndipo ichi chimandinyansa kuposa kamera. Amati ana athuwa akulira m'nyumba za mipanda, akaone mmene anzawo akuvutikira kuti aphunzire kuyamika zimene ali nazo. Tamvetserani bwino chiganizo chimenecho. Phunziro ndi la mwana wa mpanda, ndipo mwana wa m'nyumba yaudzu ndiye chida chophunzitsira. Wina abwerere kwawo ndi mtima wothokoza, akadye mpunga wake mokoma kuposa kale, winayo atsale akudziwa kuti nyumba yake ndi imene anthu amabwera kudzaonera kuti asadzakhale choncho. Ine ndinali chida chimenecho, ndipo palibe anandifunsa ngati ndikufuna kuphunzitsa aliyense. Ngati mukufuna kuti a Fomu 3 amvetse umphawi, apatseni ndalama zimene munthu wa ganyu amalandira pa tsiku muwatume kumsika akagule chakudya cha anthu asanu ndi mmodzi. Adzabwerako ataphunzira, popanda kusuzumira m'chipinda cha munthu.

Chinanso chimene chimandisowetsa mtendere ndi kalendala. Khirisimasi ndi tsiku limodzi, ndipo ndi tsiku limene aliyense amakumbukira osauka: mipingo, mabanki, andale, achibale obwera ku Joni ndi katundu pa ngolo ya basi. Pa 26 Disembala onse abalalika. Koma njala ya m'Malawi muno ili ndi nyengo yake, Januwale, Febuluwale mpaka Malichi, pamene za m'nkhokwe zatha, za kumunda sizinache, ndipo mtengo wa chimanga pamsika uli m'mwamba. Ndi nthawi imene bambo amasiya munda wake uli thengo kukapalira wa mnzake kuti alandire ufa wa tsiku limodzi, ndiye pokolola apezanso zochepa, chaka chamawa n'kubwerera ku ganyu yemweyo. Ndi nthawi ya fetereza wobereketsa. Ndi nthawi ya malungo. Ndiponso ndi nthawi imene teremu yachiwiri imayamba. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, inde, koma kope, cholembera ndi yunifolomu zimachokerabe m'thumba la kholo. Mwana amene wadya mpunga wanu pa 25 Disembala akhoza kukhala pakhomo sabata ziwiri pambuyo pake chifukwa chosowa makope.

Onjezanipo phala. Bungwe la Mary's Meals linayambira konkuno mu 2002, ndipo m'sukulu zambiri za pulayimale kapu ya phala ija ndiyo chakudya chimene mwana amakhala nacho chikhulupiriro pa tsiku. Sukulu ikatsekera, mphika wa phala nawonso watsekera. Holide imene ana anu akuiwerengera masiku mwachimwemwe, kwa ana ena ndi masabata odzuka m'mawa popanda cholowa m'kamwa. Ndipo zaka zapitazi sizinatichitire chisoni. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu Malichi 2024 a Lazarus Chakwera analengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28. Khomo limene kale linkapereka nawo, lero likhoza kukhala lofunika kulandira, ndipo makomo oterewa ndi amene amabisa kwambiri.

Koma musandimve molakwa n'kukagula chimanga chokhachokha. Pali anthu ena a chifundo chouma amene amati wosauka sayenera Sobo, apatsidwe zofunika basi. Amenewo sanakhalepo mwana amene akumva fungo la mpunga ndi nkhuku kuchokera kwa aneba iye akudikira nsima ya gaga. Pa Khirisimasi mwana amafuna kutuluka pamsewu ali ndi choyankha anzake akamafunsana kuti kwanu mwadya chiyani. Chimenecho si chaching'ono. Kamphatso ka tsikulo kakhalepo ndithu. Chimene ndikukana ndi kuthera mphamvu zonse pa tsiku limodzi.

Ndisanaiwale, ndipo ili ndi funso limene simunafunse: osowa ena ali m'kalasi mwanu momwemo. Ndinaphunzitsapo, ndikudziwa mmene zosonkhetsa zimayendera. Amalengeza pa asembule kuti aliyense abweretse kanthu, mapulifekiti amalemba mayina a obweretsa, pa bolodi pamakhala mpikisano wa makalasi, 3 A yatsogola, a 3 B chitani manyazi. Ndiye pali mtsikana amene amakhala ndi azakhali ku Mtandire kapena kwa Chinsapo, amabwera wapansi osamwa tiyi, yunifolomu anachita kupatsidwa ndi amene anamaliza Fomu 4. Sabata imeneyo mutu umamupweteka. Sabwera Lolemba, sabwera Lachiwiri, chifukwa alibe paketi ya shuga yoti akathandizire osauka. Ndinaonapo wina atabweretsa sopo amene kwawo anamupatsa kuti azichapira yunifolomu mwezi wonse, pofuna kuti dzina lake lisawerengedwe pa gulu la ouma manja. Choncho mpikisano wa makalasi utayeni. Mayina a obweretsa asalembedwe. Katoni ikhale pamalo poti munthu angaponyemo kanthu kapena kungodutsa popanda wodziwa. Amene alibe chopereka apatsidwe ntchito yeniyeni, kulongedza, kuyeza ufa, kusunga kope la ndalama, ndipo ntchitozo muzigawe kwa onse kuti zisasanduke chizindikiro cha amene sanabweretse.

Komanso si onse amene Khirisimasi ndi yawo. M'kalabumo kapena m'mabanja olandira muli Asilamu, muli a Mboni za Yehova amene sachita nawo chikondwererochi. Musakhazike gogo wachisilamu pa mphasa kumvetsera ulaliki kuti alandire mchere. Za kupereka, Asilamu safunika kuphunzitsidwa ndi wina: ali ndi zakaat, ndipo amene anakhalapo moyandikana nawo ku Mangochi kapena ku Machinga akudziwa mmene nyama ya pa Eid imafikira kwa aneba. Ana achisilamu a m'kalabumo afunseni mmene kwawo amachitira, mwina adzakuuzani zanzeru kuposa ine.

Tsono musonkhanitse chiyani

Funsani kaye olandirawo. Zikumveka zodziwikiratu koma ndi zimene sizichitika. Boma lenilenilo, pa Mtukula Pakhomo amene anayambira ku Mchinji mu 2006, limapereka ndalama n'kusiya banja lisankhe lokha chogula. Mukalephera kufunsa, simungalakwe ndi ufa kapena chimanga, nyemba, nyama ya soya, mafuta ophikira, mchere, sopo, makope ndi zolembera, mapadi a atsikana, ndi pepala lapulasitiki lofolerera denga, poti ino ndi nyengo ya mvula. Za tsiku lachikondwerero: mpunga, shuga, botolo la Sobo. Zovala zilandiridwe zochapa ndi zosang'ambika zokha, ndipo muyeso wake ndi wosavuta: ngati wobweretsayo sangavale kupita nazo kutchalitchi kapena kumzikiti, abwerere nazo. Onani madeti pa mapaketi. Zosonkhanitsazo mugawe pawiri, kagawo kakang'ono kapite Khirisimasi isanafike, gawo lalikulu lidikire sabata yachiwiri ya Januwale. La Januwalelo lisungidwe ngati ndalama, chifukwa ufa wotsekeredwa m'sitolo ya sukulu holide yonse ndi wa makoswe ndi chinyezi. Ndalama zisalowe pa nambala yanu ya Airtel Money kapena Mpamba, Madamu, ngakhale muli wokhulupirika chotani, pakamwa pa anthu sipatsekeka. Zilembedwe m'kope, asayine ophunzira awiri ndi mphunzitsi mmodzi, malisiti amatidwe momwemo.

Mabanjawo

Musadalire munthu mmodzi. Funsani amayi a Mother Group pa sukulu ya pulayimale yapafupi, amayi a Mvano, a Dorika, a mphakati, akumzikiti, alangizi a zaumoyo, amfumu, komanso a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, amene ali ndi ogwira ntchito yoteteza ana m'madera. Dzina limene latchulidwa ndi awiri kapena atatu osapangana, limenelo lembani. Musanene kuti amasiye okha. Mabanja akhale ochepa ndi apafupi, kofikika wapansi. Makomo asanu othandizidwa mokwanira aposa makomo makumi asanu olandira paketi ya shuga limodzilimodzi, ngakhale kuti pa lipoti nambala yaikuluyo ndi imene imaoneka bwino.

Kalabu yonse isapite. Pakhomo pafike ana awiri kapena atatu ndi wamkulu mmodzi amene eni khomowo amamudziwa kale, atavala zovala wamba, mafoni atatsala kusukulu. Aodire, akhale pamene apatsidwa, alonjerane ndi eni nyumba, acheze monga amachezera kwa azakhali awo. Katundu alowe m'nyumba, asaperekedwe pabwalo. Pasakhale zoyankhula, pasakhale sewero. Akapatsidwa mango, mtedza, ngakhale nkhuku, alandire ndi manja awiri n'kuthokoza. Ngati mtima ukukupwetekani, mtengo wa nkhukuyo mudzauonjezere mwakachetechete pa katundu wa Januwale. Ndipo mu Januwale adzapite omwewo, ku makomo omwewo.

Ahedi apatseni zithunzi za ana awo akulongedza, akuyeza nyemba, akukankha wilibala pa geti la sukulu. Makolo amene amatsegula tsamba la sukululo amafuna kuona nkhope za ana awo, osati za ana a eni. Akakakamirabe, apatseni adiresi imene mwalemberayi andilembere okha, ndili nawo mawu.